Mvula yogwa m'nyumba yodyera ku San Francisco



Pa zaka 64 zomwe ndili nazo, mvula ndaiona ya mitundu yonse: chizimalupsa, yamvumbi, yamatalala, ngakhalenso ija ya namondwe wa Freddy yomwe idatisiya manja ali m'khosi mu 2023. Koma mvula yogwa m'kati mwa nyumba, denga lili bwinobwino losadontha, mabingu akugunda, anthu n'kumaomba m'manja uku akudya mpunga, ndidakaionera ku San Francisco m'dziko la America mu Ogasiti 2024. Anzanga a pabawo akhala akukana kundikhulupirira, ndiye ndati ndilembe kuno, mwina zikatuluka m'nyuzipepala asiya kunditcha wabodza.

Ndiyambe ndadziulula. Ntchito yanga moyo wonse idali yoperekera zakudya. Ndidayamba ndi kutsuka mbale pahotela ina ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi, kenako adandipatsa thireyi, ndipo popuma n'kuti ndili mkulu wa operekera onse. Zaka 29. Munthu wotere sadya mwamtendere kumalo odyera. Ena maso ali m'mbale, iye maso ali pa tambula ya patebulo la eni ake yomwe yakhala yopanda madzi kwa mphindi khumi. Mayi a kunyumba adasiya kalekale kupita nane kumalo otere, amati ndimawachititsa manyazi.

Mwana wanga wachisamba ndi namwino ku Oakland, mzinda womwe uli tsidya lina la nyanja kuyang'anizana ndi San Francisco. Gawo lalikulu la fizi yake lidachokera ku tipi, kangachepe kaja alendo amasiya pansi pa mbale akamachoka. Ndiye atanditumizira tikiti ya ndege kuti ndikaone mdzukulu, ndidapita ndili ndi ludzu lofuna kuona momwe anzanga a ntchito amagwirira kudziko komwe kunkachokera ena mwa alendo anga.

Lachisanu la sabata yoyamba, mkamwini wanga adati tikadye kumalo a tiki. Ine ndidaseka, poti tiki yomwe ndimaidziwa ndi ndalama ija ya makobiri atatu yomwe tinkagulira zitumbuwa kwacha isadabwere mu 1971. Ndidati ngati chakudya chake ndi cha tiki imodzi, ndilipira ndine. Adandifotokozera kuti tiki wawoyo ndi chiboliboli cha anthu a kuzilumba za m'nyanja yaikulu ya Pacific, ndipo malo odyera otchedwa dzinali amawakongoletsa kuti mlendo azimva ngati wafika kuzilumbazo.

Malo omwe tidapita tsikulo sindiwatchula dzina. Kunja kwake sikupatsa chidwi, khoma lopanda zenera ndi chitseko chimodzi. Ukangolowa, maso amayamba achita chidima ngati walowa m'phanga. Akazolowera, umaona makoma okutidwa ndi nsungwi ndi mphasa, maukonde akulendewera kudenga, timadenga ta udzu pamwamba pa matebulo, ngalawa yeniyeni itapachikidwa pamwamba pa bala, ndi nsomba zina zaminga zodzitukumula, zoumitsa, zokhala ndi babu m'mimba. Pakhomo padaima ziboliboli ziwiri zazitali kuposa ine, zotong'ola maso, mano onse ali pamtunda. Kunena zoona, ndidagoma. Yemwe adamanga malowo adaikapo mtima komanso ndalama.

Koma tidaima pakhomopo mphindi 20 ngakhale mkamwini adali atasungitsa malo. Kudikira si mlandu, malo odyera amadzaza. Mlandu ndi woti pa mphindi zonsezo palibe yemwe adatiyang'ana kumaso n'kunena kuti takuonani, tipirireni pang'ono. Anyamata anga ndinkawauza kuti mlendo akhoza kudikira theka la ola ngati wapatsidwa moni, koma osapatsidwa moni, mphindi zitatu zimamukwana. Titakhala, mkono wanga udamatirira patebulo ndi zotsekemera za omwe adachokapo. Pepala la zakudya sindidathe kuliwerenga chifukwa cha mdima, mpaka mwana wanga adayatsa tochi ya pafoni. Nditaunguza, pafupifupi tebulo lililonse padali wina akuunika chimodzimodzi, ngati asodzi a usipa usiku.

Zakumwa zidabwera patatha mphindi zoposa 30. Zidabwera mwaulemerero, china chikuyaka moto pamwamba, china chili ndi kaambulera kapepala, chinanso m'chikho chooneka ngati mutu wa munthu. Mdzukulu adakuwa ndi chimwemwe. Koma ayezi adali atayamba kale kusungunuka, kusonyeza kuti zidakhalitsa pabala zikudikira wozinyamula. Zakudya zoyambira ndi zakudya zenizeni zidafika nthawi imodzi, tebulo n'kuchepa. Nthiti za nkhumba zidali zozizira, mafuta atagwirana. Nsomba yanga siidabwere mpaka anzanga onse atamaliza, ndipo itafika ndidadya ndekha anthu akundionerera. Nthiti zimadyedwa ndi manja, koma padalibe wotipatsa chopukutira chokwanira, osanenanso za madzi osamba m'manja omwe ngakhale pachiimirire pa Mangochi Boma sangaiwale.

Bilu idabwera pa kamakina komwe kadaonetsa manambala atatu oti usankhepo tipi: 18, 20 kapena 22 peresenti. Ndidaona chala cha mwana wanga chikupita pa 20. Ndidamugwira dzanja. Ndidati kwathu tipi ndi chithokozo, nanga apa tikuthokoza chiyani?

"Ababa, mwawerenga matebulo omwe mtsikanayu akuyendetsa yekha?" adandifunsa motsitsa mawu.

Ndidawerenga. Adali 13. Ine pantchito yanga sindidapatsepo munthu mmodzi matebulo oposa asanu ndi limodzi usiku wodzaza. Nditasuzumira kubala, kudali mnyamata mmodzi yekha, thukuta lili kamukamu. Ndidachita manyazi kuti chinthu chomwe ndimayenera kuchiona poyamba ndine, wachiona ndi namwino. Madzulo onse ndidakhala ndikuweruza mtsikanayo, chonsecho wolakwa sadali m'chipindamo n'komwe. Mwini malo adagula ngalawa yopachika kudenga koma adaumira kulemba anthu ena awiri.

Ndipo malo a tiki amafuna antchito ambiri kuposa malo ena. Pabala wamba munthu akaitanitsa mowa, umatsegula botolo, basi. Chakumwa cha tiki chimodzi chimatha kulowa zinthu zisanu ndi ziwiri kapena kuposa: mowa wa rum wa mitundu iwiri kapena itatu, madzi a ndimu ofinya pomwepo, madzi a nanazi, uchi kapena manyuchi a zonunkhira, ayezi wophwanya, kenako zokongoletsa pamwamba. Chilichonse amachita kuyeza. Anthu anayi akaitanitsa zakumwa zinayi zosiyana, ndi ntchito ya mphindi zingapo, ndipo matebulo 13 akaitanitsa pamodzi, munthu mmodzi sangathe ngakhale atakhala ndi manja anayi. Onjezerani mdima womwe umachititsa kuti woperekera asaone dzanja la mlendo likumukodola, ndi nyimbo zomwe zimameza mawu. Zonse zokongoletsa malowa zimalemetsa ntchito ya wonyamula thireyi.

Za tipi nazo ndidaphunzira kuti kumeneko si nkhani ya chifundo. Lamulo la boma lalikulu la America limalola bwana kulipira wantchito wolandira tipi $2.13 yokha pa ola, ndalama yomwe siidasinthe kuyambira 1991, bola tipi ikwaniritse zotsalazo. California ndi limodzi mwa maboma ochepa omwe salola zimenezo. Kumeneko woperekera amalandira malipiro ochepetsetsa onse, omwe mu 2024 adali $16 pa ola, tipi n'kubwera pamwamba. Mukasintha m'makwacha mutha kuganiza kuti ndi mabwana, koma mukamva lendi ya chipinda chimodzi ku Oakland mudzawamvera chisoni. Ndidachotsa dzanja langa, mwana adadina 20 yake.

Mkamwini wanga amakonda zinthu zimenezi moti ali ndi shelefu yodzaza zikho za tiki, ndipo ndi iye adandifotokozera chiyambi chake. Chidandidabwitsa n'choti malo oterewa sadayambire kuzilumba ayi. Adayambira ku California konko. Kuchokera 1920 mpaka Disembala 1933, kugulitsa mowa kudali koletsedwa m'dziko lonse la America. Lamulolo litangochotsedwa, mkulu wina wotchedwa Ernest Gantt, yemwe adali atayendayenda m'zilumba za Caribbean ndi za Pacific, adatsegula kabala kakang'ono ku Hollywood n'kukakongoletsa ndi maukonde, nsungwi ndi zina zotolatola. Malowo adatchuka ndi dzina loti Don the Beachcomber, ndipo mwini wake adafika posintha dzina lake kukhala Donn Beach. Adasankha rum, mowa wochokera ku nzimbe, chifukwa panthawiyo udali wotchipa. Rum ndi wa ku Jamaica, Cuba ndi zilumba zina za Caribbean, mbali ina ya dziko lapansi kutalitali ndi Pacific. Chakumwa chake chotchuka, Zombie, chidali chaukali moti mlendo sankaloledwa kupitirira ziwiri.

Mbali yomwe idandikhudza ine ndi ya antchito ake. Ambiri mwa osakaniza zakumwazo adali ochokera ku Philippines, ndipo ankagwirira ntchito kuseri komwe alendo sankawaona. Poopa kuti angamubere nzeru n'kupita nazo kwa opikisana naye, Donn Beach ankachotsa mapepala a pamabotolo n'kulembapo manambala ndi zizindikiro, kotero wantchito ankathira osadziwa chomwe akuthira. Komabe nzeru sungaitsekere m'botolo mpaka kale. Mmodzi mwa anyamatawo, Ray Buhen, adadzatsegula malo akeake otchedwa Tiki-Ti ku Los Angeles mu 1961, ndipo a banja lake adapitiriza kuwayendetsa iye atamwalira.

Winanso adali Victor Bergeron wa ku Oakland komwe ndinkakhalako. Mu 1934 adatsegula malo otchedwa Hinky Dink's, ndipo ataona zomwe mnzake ankachita ku Hollywood, adawasandutsa Trader Vic's. Adali ndi mwendo wamtengo. Mwendo weniweniwo adaudula ali mwana chifukwa cha matenda a TB ya m'mafupa, koma alendo ankamva nthano yoti udadyedwa ndi shaki. Iyeyu ndiye ankati adapeka chakumwa cha Mai Tai mu 1944, ngakhale Donn Beach ankatinso n'chake. Dzinalo lidachokera ku mawu a chinenero cha ku Tahiti otanthauza chinthu chabwino, koma m'tambulamo mudali rum wa ku Jamaica, ndimu, mowa wotsekemera wa malalanje ndi manyuchi a mtedza wa almond. Trader Vic's idafalikira m'maiko ambiri, ndipo ya ku London idakhala m'hotela ya Hilton kuchokera 1963 mpaka 2022.

Chidakoleza moto ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali ambirimbiri a America adakamenya nkhondo ku Pacific, ndipo pobwerera adali ndi chikumbumtima cha zilumbazo. Mu 1947 Thor Heyerdahl wa ku Norway adawoloka nyanjayo masiku 101 pa chombo cha mitengo yomangamanga chotchedwa Kon-Tiki, kuchokera ku Peru, ndipo buku lake lidagulidwa kwambiri. Mu 1959 Hawaii idakhala boma la chi-50 la America. M'zaka zimenezo malo a tiki adamera ngati bowa. Adadzazilala m'ma 1970, kenako m'zaka zaposachedwapa achinyamata awadzutsanso.

Nanga chakudya? Nachonso si cha kuzilumba. Eni malo oyambirirawo adalemba ophika a Chitchaina, ndiye zomwe zimabwera patebulo ndi mpunga wokazinga, nthiti zotsekemera, mapiko a nkhuku ndi zina za kum'mwera kwa China, atazipatsa maina atsopano n'kuikapo nanazi. Pali kena kotchedwa crab Rangoon, kokhala ngati samusa, m'kati muli nkhanu ndi tchizi chofewa. Rangoon ndi dzina lakale la mzinda wa Yangon ku Myanmar, komwe si chilumba, ndipo tchizi chotere si chakudya cha kumeneko. Mbale ya zoyambira zosiyanasiyana amaitcha pupu, mawu a ku Hawaii, ndipo nthawi zambiri dzinalo ndilo lokha la ku Hawaii m'mbalemo. Ine vuto langa ndi zakudyazi ndi shuga. Munthu wokulira pa chambo cha mchere ndi tomato amadabwa kupeza ndiwo zikukoma ngati jamu.

Chakudya chenicheni cha ku Pacific ndidakachidya kwina, mosayembekezera. Mwana wanga ali ndi mnzake, mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba, wochokera ku Tonga. Nditamva koyamba ndidadumpha, kuganiza kuti ndapeza wa ku Nkhata Bay woti ndimufunse za batala ndi kondowole. Ayi ndithu, Tonga wake ndi ufumu wa zilumba za ku Pacific, likulu lake Nuku'alofa, ndipo anthu ake ndi ambiri m'madera ozungulira San Francisco. Adatiitana kwawo ku San Mateo Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi. Chodabwitsa, pamphasa padali chinangwa chophika, chomwe iwo amati manioke, pamodzi ndi koko ndi zilazi. Padali lu, nyama yokulunga m'masamba a koko yothira mkaka wa kokonati, ndi 'ota ika, nsomba yaiwisi yoviika m'madzi a ndimu ndi kokonati, yomwe ndidailawa mwaulemu chabe. Kwawo zambiri mwa izi amaziphikira m'dzenje la miyala yamoto lotchedwa umu. Padalibe kaambulera, padalibe chiboliboli. Ana a pakhomopo ndiwo ankatiperekera, ndipo mbale yanga siidaloledwe kuoneka pansi pake.

Ndidawafunsa mayiwo za malo a tiki. Adaseka kaye nthawi yaitali. Adati adapitako kamodzi ndi amuna awo, adavina, adasangalala, koma sadaoneko chilichonse chowakumbutsa kwawo. Nkhope za pazikhozo, adatero, n'zotengera kwa anthu a ku Hawaii, a ku Marquesas ndi miyala ija ya ku Easter Island, zilumba zotalikirana makilomita masauzande, zonse atazithira mumphika umodzi. Kwa a Maori a ku New Zealand, Tiki ndi dzina la munthu woyamba kulengedwa. Ku Hawaii, zina mwa nkhopezo ndi za milungu ya makolo awo monga Ku ndi Lono. Adati iwo ndi Mkhristu, milunguyo saipembedza, komabe kumwera mowa m'mutu mwa chinthu chomwe agogo a munthu wina ankachigwadira, mtima wawo udakana. Chomwe chidawanyansa kwambiri ndi zithunzi za atsikana ovala udzu, mabere pamtunda, ngati kuti mkazi wa kuzilumba ntchito yake n'kumwetulira alendo basi.

Pobwerera m'galimoto ndidangoti duu. Ndinkakumbuka Loweruka lililonse pahotela pathu, pomwe tinkaitanitsa Gule Wamkulu kuti avine pafupi ndi malo ootchera nyama, alendo ali ndi mabotolo m'manja. Mangochi ndi dera la beni, koma alendo ankafuna zigoba za kumaso zoti ajambule, ndiye tinkachita kukawatenga kutali pagalimoto. Gule yemwe kumudzi amatuluka pamaliro ndi pachinamwali, kwathu ankatuluka 8 koloko, alendo akamaliza supu. Ife operekera tinkavala malaya a zithunzi za njovu ndi mbidzi zomwe ena mwa ife tidali tisadazionepo ndi maso. Sindinganene kuti zinkandipweteka panthawiyo. Usiku wa gule tipi inkachuluka, ndipo namwino uja ankayendetsa galimotoyo adaphunzira ndi ndalama zimenezo. Mpaka lero sindidziwa kuti ndiziike mbali iti.

Tsiku langa lobadwa lidagwa sabata yomaliza ya ulendowu, ndipo ana adati akanditengera ku Tonga Room, amodzi mwa malo a tiki akale kwambiri omwe akadalipo. Nditakumbuka za Lachisanu lija ndidafuna kukana, koma mdzukulu adali atamva kale za mvula. Ndidavomera, mumtima nditatsimikiza chinthu chimodzi: tsiku limeneli ndilipira ndine. Ndidali ndi madola omwe ndidasunga movutikira, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwezi wonse ana sadandilole kutulutsa ngakhale imodzi. Bambo kumangodyetsedwa ngati mwana wamasiye, ulemu umatha.

Tidakwera sitima ya BART yomwe imadutsa pansi pa madzi kuchokera ku Oakland, n'kutsikira pa Powell Street. Pamenepo tidakwera tisitima takale tija tokokedwa ndi chingwe choyenda pansi pa msewu, tomwe mzindawu udayamba kugwiritsa ntchito mu 1873, kukwera chitunda cha Nob Hill. Ogasiti kumeneko ndi chilimwe ndipo mvula siigwa, koma madzulo chifunga chimachokera kunyanja n'kuzizira ngati Juni wa ku Dedza. Pamwamba pa chitundacho pali hotela ya Fairmont, yomwe idatsegulidwa mu 1907, patangotha chaka chivomerezi chitagumula mzindawo. Mu 1945 nthumwi za maiko zinkakumana m'hotelayi polemba chikalata chokhazikitsa bungwe la United Nations. Chaka chomwecho, kunsi kwa nyumba yomweyo, adatsegula Tonga Room.

Malowa poyamba adali dziwe losambiramo alendo, lomangidwa mu 1929, lotalika mamita pafupifupi 23. Adaitana Mel Melvin, katswiri wokonza malo ojambulira mafilimu kukampani ya MGM, kuti alisandutse malo odyera, ndipo dziwelo sadalikwirire. Lilipobe pakati, matebulo ali m'mbali mwake pansi pa timadenga ta udzu. Bwalo lovinira adalipanga ndi matabwa a sitima yapamadzi yakale yotchedwa Forester, yomwe inkayenda pakati pa San Francisco ndi zilumba za kum'mwera. Oimba amakhala pabwato lofolera lomwe limayandama kufika pakati pa dziwe. Cha m'ma 2009 kudamveka mapulani ogwetsa mbali imeneyi ya hotela kuti amangepo nyumba zogona, koma anthu a mumzindawo adakana kwamtuwagalu, ndipo malowo adapulumuka.

Mdima udali womwewo, nsungwi zomwezo, ziboliboli zomwezo. Kusiyana kudayambira pakhomo, pomwe mtsikana wolandira alendo adatipatsa moni tisadatsegule pakamwa. Yemwe adatiperekera adali bambo wa imvi, msinkhu wosatalikirana ndi wanga. Ataona ndikuyandikitsa pepala kumaso, adatulutsa katochi m'thumba n'kundiunikira, osanena kanthu, ngati kuti ndi momwe amachitira ndi aliyense. Adafunsa ngati pali yemwe thupi lake limadana ndi chakudya china. Kenako adawerama kufika pa msinkhu wa mdzukulu wanga n'kumuuza kuti posachedwa kuchita mdima, kugunda mabingu, kung'anima, koma asaope chifukwa mvula ya m'nyumbayi imadziwa malire ake, imagwera padziwe pokha.

Apo ndidadziwa kuti ndakumana ndi mmisiri. Bambo ameneyu mvulayo waiona kambirimbiri, mwina siimusangalatsanso. Koma adaona mwana wa zaka zinayi, adawerengera nthawi, n'kudziwa kuti akapanda kumuchenjeza, madzulo athu onse athera kutonthoza mwana. Izi palibe bwana angakulembere papepala.

Ine mowa ndidasiya chifukwa cha BP. Nditanena, sadandibweretsere Fanta m'botolo kuti ndizioneka ngati mwana pakati pa akulu. Adandifunsa ngati ndimakonda zowawasa kapena zotsekemera, n'kubwera ndi chakumwa cha ndimu ndi nanazi chokongoletsedwa ngati cha wina aliyense. Mwana wanga ndi mwamuna wake adaitanitsa chimbale chimodzi chomwera awiri ndi timapaipi titalitali, zomwe zidandikumbutsa madoda akulandizana chipanda cha masese. Zoyambira zidabwera pazokha, ndipo zinazo zidadikira mpaka titamaliza. Mbale zidali zofunda. Ataona kuti ndaika foloko pambali n'kugwira nthiti ndi manja, zopukutira zonyowa zidapezeka pafupi ndi chigongono changa, osadziwa kuti zafika nthawi yanji. Sindinganame kuti chakudyacho chimaposa chambo chootcha cha pa Makawa, koma chidafika chotentha, kwa munthu woyenera, panthawi yake.

Kenako magetsi adaphethira, bingu lidagunda, ndipo madzi adayamba kugwa kuchokera kudenga m'mbali mwa dziwe, waaa, ngati mvula ya Januwale pa malata. Anthu akuluakulu, ena ovala masuti, adakuwa ngati ana a sukulu. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti ndi mapaipi, ndipo palibe yemwe zidamudetsa nkhawa. Mdzukulu adaimirira pampando, adatembenukira kwa bambo uja yemwe ankadutsa ndi thireyi, n'kukuwa kuti sadaope. Iye adagwedeza mutu ngati apatsana chinsinsi. Ine ndidaseka mpaka misozi, nditakumbuka kuti kwathu denga likadontha chonchi timathamangira mabeseni.

Itakwana nthawi ya bilu, ndidaona mwana wanga akusolola khadi m'chikwama. Sindidayankhule. Ndidangomuyang'ana bambo uja ali chapatali, n'kugwira thumba la malaya anga kamodzi. Operekera tili ndi chinenero chathu. Adazungulira tebulo, kudutsa khadi ya mwana wanga ngati sadaione, n'kuika kabuku ka bilu pabondo langa chakumanzere. Mwana adati, "Ababa, musatero," koma mwamuna wake adamugwira paphewa. Ndidawerenga madola anga pansi pa tebulo, ndidaonjezera 20 peresenti popanda wondiuza, kenako ndidaikanso ina pamwamba.

Pobwera kudzachotsa mbale adapeza nditazisanja kale mosazindikira: zazikulu pansi, zotsala zonse m'mbale imodzi, mipeni italowa pansi pa mafoloko kuti isagwe poyenda. Adayang'ana mbalezo, adandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti zaka zingati. Ndidati 29. Adati iye sadapumebe, mawondo okha ndiwo ayamba kudandaula. Tidagwirana chanza, ndipo adanyamula mbale zonse ndi dzanja limodzi, tebulo lina likumudikira.

Tidatuluka bingu likugundanso kumbuyo kwathu. Kunja msewu udali wouma gwaa, chifunga chikukwera chitunda. Tsiku lonyamuka mkamwini adandiuza kuti ndisankhe chikho chimodzi pashelefu yake. Ndidasiya zonse za nkhope n'kutenga chooneka ngati nanazi. Mayi a kunyumba akusungiramo machesi.

Woperekera zakudya wopuma ntchito,
Mangochi